Nkhono Imene Inasamuka ndi Seveni

Mukamva akuluakulu akunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, musaganize kuti mawuwa anagwa ndi mvula. Mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Ena adzakuuzani kuti uwu ndi wakale kuposa sukulu, ndipo ine sindikangana nawo. Koma ife a kuseri kwa phiri kuno tili ndi nkhani yathu ya mmene unayambira, ndipo ndi imene ndikuuzeni lero, makamaka inu amene simutha kukhala pansi mpaka munthu amalize kulankhula.

Pa kasukulu kena ka makalasi anayi, kofolera ndi udzu, panali mphunzitsi wa masamu dzina lawo Madamu Mkwapatira. Anali munthu wa mtima wabwino, koma phuma lawo linali losaneneka. Tiyi ankamwa chiimirire. Choko chinkathyoka m'manja mwawo katatu dzuwa lisanafike pamutu. Akamachoka m'kalasi kupita ku ofesi, nkhuku za pabwalo zinkabalalika zokha, ndipo ana anawapatsa dzina lakuseri loti Kamvuluvulu. Dzinalo analimva, koma analibe nthawi yokwiya nalo.

Vuto lalikulu linali pa mafunso. Madamu akafunsa funso, mtima unkayamba kuwayabwa pomwepo. Mwana akachedwa pang'ono, ankayankha okha, n'kumuuza mwanayo kuti akhale pansi. Sankachita zimenezi mwankhanza ayi. Ankaona ngati akumupulumutsa ku manyazi.

Mu Sitandade 4 munali ana khumi ndi awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali Enelesi, mtsikana wamtali amene ankabwereza kalasiyo. Enelesi akafunsidwa funso ankayamba wayang'ana pansi, milomo n'kumagwedera pang'onopang'ono ngati akutafuna yankholo. Asanatsegule pakamwa, Madamu anali atafika kale.

"Fote, eti? Ndi zimene umafuna kunena. Khala pansi, mwana wanga."

Enelesi ankakhala pansi. Mayeso olemba nawo ankamuthera nthawi ali pa funso lachitatu, choncho panalibe amene ankadziwa chimene chinali m'mutu mwake.

Teremu itangoyamba, mayi ake a Enelesi, a Nangondo, anafika pasukulupo mwana ali kumsana. Amuna awo anali kutali ku esiteti ya fodya, ndipo munda wonse unali pa mapewa awo okha.

"Aphunzitsi," anatero a Nangondo, "mwanayu sukulu yamukana. Zaka ziwiri kalasi imodzi, ngati mtengo wa pabwalo. Ndipatseni ndizikalima naye. Khasu silifunsa mafunso."

"Ayi, amake Enelesi, mwanayu mutu ulimo," anayankha Madamu msangamsanga. "Mundipatse teremu ino yokha. Tsiku la makolo mudzabwere mudzaone nokha. Akadzalephera pamaso panu mudzamutenge, ine sindidzatsegula pakamwa."

"Mwanena nokha," anatero a Nangondo, n'kutembenuka.

Mawuwo anatuluka Madamu asanawaganize, monga ankatulukira mawu awo onse. Atatsala okha ndi pamene anazindikira kuti aika sukulu ya mwana wa eni pa tsiku limodzi, ndipo mantha anawagwira.

Kuyambira pamenepo tulo tawo tinachepa. Teremu imeneyo ankaphunzitsa za malo a manambala: kuti nambala imalemera malinga ndi nyumba imene yakhalamo, ya mawani, ya mateni kapena ya mahandiredi. Ankaphunzitsanso kusendeza nambala ku handiredi yapafupi, kuti ikafika pa fifite imakwera, ikapanda kufika imatsika. Anaganiza kuti pa bolodi Enelesi adzauma pakamwa anthu akumuyang'ana. Ndiye anakonza masewera osakasaka, oti ana adzafunefune manambala obisika pabwalo. Mwana wochedwa pakamwa, anatero mumtima, mwina manja ake sachedwa.

Mapepala analibe, ndipo ochepa amene analipo ankasungidwa ngati mankhwala. Koma kuseri kwa sukuluyo kunali kathengo kodzaza zigoba za nkhono, zouma ndi dzuwa la chilimwe. Tsiku lina ana ataweruka, Madamu anathamangira kumeneko ndi dengu, n'kutola zigoba makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, zitatu za mwana aliyense. Ankatola ngati akuthawa njuchi. Chigoba china chinawalemera m'manja kuposa zinzake, koma anangoti ndi dothi, n'kuchiponya m'dengu osasuzumiramo.

Pa chigoba chilichonse analembapo nambala imodzi ndi utoto woyera wotsala pa zitseko, ndipo pansi pake chilembo choyamba cha dzina la mwini wake. Madzulo a tsiku loti mawa makolo abwera, anazibisa. Za mahandiredi anaziika m'kamunda ka chinangwa ka sukulu. Za mateni anazilowetsa mumpanda wa khonje. Za mawani anazibisa pa mulu wa njerwa umene unali pafupi ndi mpandawo, mapazi ochepa chabe. Mayankho onse anawalemba m'kope lawo.

Madamu anamusankhira Enelesi nambala yosavuta dala. Firii m'chinangwa, seveni m'khonje, thuu pa njerwa. Imeneyo ndi 372, ndipo ukaisendeza imakwera kukhala 400. Madamu anabwereza kuwerenga katatu, n'kunena kuti apa ngakhale mwana wa tulo sangaphonye.

Usiku umenewo kunagwa mvula yodzalira.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa mmene kumachera tsiku lotere. Palibe amene amapatsa mnzake moni wokwanira. Aliyense ali jijirijijiri, uyu akufuna mbewu, uyu mpini waguluka, uyu akukalipira ana kuti afulumire chinyezi chisanathawe. Makolo amene anabwera kusukulu anabwera chifukwa cha ulemu basi, makasu ali paphewa, maso ali kuminda. Mabenchi amene aphunzitsi anatulutsa panja anangokhala opanda munthu. A hedi, bambo Chimbalanga, nawo ankangoyang'ana wotchi yawo, pakuti munda wawo sunali wodzidzala wokha.

A Nangondo anaima kumapeto, mwana kumsana, khasu m'manja, kathumba ka mbewu kali m'chiuno. Sanamwetulire.

Madamu anafotokoza malamulo mothamanga, mawu akupondana. "Mwana aliyense ali ndi zigoba za chilembo chake. Chimene wapeza m'chinangwa ndi mahandiredi, cha m'khonje ndi mateni, cha pa njerwa ndi mawani. Malo amene wachipeza ndiwo akuuze kulemera kwake. Ulembe nambala yako pa sileti, kenako uisendeze ku handiredi yapafupi. Mwamva? Mwamva. Tiyeni."

Analiza wezulo, ndipo ana anatuluka m'kalasi ngati mbuzi zotsekulidwa m'khola. Bwalo lonse linangoti piringupiringu. Ena anagwa m'matope, ena analimbirana chigoba chimodzi mpaka ataona chilembo. Madamu nawo sanaime malo amodzi. Ankathamangira ku chinangwa, kubwerera ku njerwa, kukweza mwana wogwa, kuyang'ana a Nangondo, kuyang'ana Enelesi, kuyang'ananso a Nangondo.

Ana anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Madamu ankangoponya diso pa sileti ndi pa kope, n'kunena kuti wakhoza. Kholo la mwanayo linkaomba m'manja kawiri, n'kuyamba kusuntha chammbuyo kulowera kunjira. Posakhalitsa ana khumi ndi mmodzi anali atamaliza.

Enelesi anali akadali m'khonje.

Firii wake anali atamupeza kale m'chinangwa. Tsopano ankayenda chokwawa m'mbali mwa mpandawo, kukweza tsamba lililonse, kusuzumira pansi pake. Anafika kumapeto, n'kubwerera, kuyambiranso. Madamu ankadziwa bwinobwino pamene anaika seveniyo, patsinde la khonje lachitatu kuchokera ku njerwa, ndipo anamuona mwanayo akusuzumira pomwepo kawiri konse n'kudutsa. Mtima wawo unawira. Chala chinkafuna kuloza chokha, mpaka anachipinda n'kuchibisa m'khwapa.

"Madamu, dzuwa likukwera," anatero a Chimbalanga chapansipansi.

"Akubwera, a hedi. Akubwera pompano."

Pomaliza Enelesi anachoka m'khonje, mikono ili ndi mikwingwirima ya minga, n'kupita pa njerwa. Anakhalitsanso pamenepo. Kenako anabwera akuyenda, osati kuthamanga, zigoba zitatu atazifumbatira pa diresi. Anakhala pansi, anaziyala patsogolo pake, n'kuyamba kulemba, milomo ikugwedera. Madamu ataona kuti zigoba zakwana zitatu, anapuma mpweya waukulu.

Enelesi anakweza sileti. Pamwamba analemba 309. Pansi pake analemba 300.

"Walakwa," anatero Madamu.

Liwulo linatuluka lokha, monga mwa chizolowezi, ndipo linamveka bwalo lonse. Akanatha kuliwola akanaliwola, koma mawu si chimanga choti ukataya n'kutolanso. A Nangondo anakweza khasu n'kuliika paphewa.

"Tiye, Enelesi. Taona."

Mwanayo sanadzuke. Anayang'ana pansi, milomo inagwedera, ndipo mawu anatuluka aang'ono. "Madamu, m'khonje munalibe kanthu."

"Munalibe bwanji? Seveniyu ndinamuika ndekha ndi manja angawa."

"Ndam'peza pa njerwa. Pamodzi ndi thuu."

"Ana onse anali m'kalasi mpaka wezulo atalira," anatero a Chimbalanga, "ndipo aliyense amathamangira chake. Nanga pa njerwapo anafika bwanji seveni wakoyo?"

Enelesi analoza chigoba cha seveni chija. "Anayenda."

Anthu anaseka, ana ndi akulu omwe. Bambo wina anati masiku ano manambala amera miyendo, tsiku lina adzatipeza kumunda. Nkhope ya a Nangondo inagwa ndi manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo. Anamugwira mwanayo padzanja n'kumudzutsa.

"Umbuli ndikanaupirira, ndi wa kumtundu," anatero. "Koma bodza pamaso pa anthu, limenelo sunaliyamwe kwa ine. Tiye."

Madamu anatola chigoba cha seveni chija kuti achiponye m'dengu, ndipo dzanja lawo linaima m'malere. Chinali cholemera. Anakumbukira tsiku lija kuthengo, chigoba chimene anati ndi dothi. Anakumbukiranso zimene mwana aliyense wa kumudzi amadziwa, zoti nkhono imadzitsekera m'chigoba chilimwe chonse ngati yakufa, n'kudzuka mvula yoyamba ikagwa. Ngati zinali choncho, wolakwa sanali mwana.

"Dikirani, amake Enelesi! Ili moyo iyi. Dikirani muone."

Anachigwedeza chigobacho. Anachigogoda ndi chala. Anasuzumira kukamwa kwake, koma munali matope ndi mdima. Anathyola kaudzu n'kutokosa mkati, anauziramo mpweya, anachigwedezanso pafupi ndi khutu. Chilichonse chimene ankachita, chinthu cha mkatimo, ngati munalidi chinthu, chinkangolowerabe mkati.

"Ndi matope amenewo, Madamu," anatero a Chimbalanga mowamvera chisoni. "Mvula yadzazamo. Asiyeni anthu akadzale."

A Nangondo anali atafika kale pa njira, akukoka mwana. Madamu anathamanga, anawapitirira, n'kuima kutsogolo kwawo chigoba chili m'manja, akupuma mwawefuwefu.

"Munalonjeza kuti simudzatsegula pakamwa, aphunzitsi."

"Ndinalonjeza akalephera. Sanalephere. Ndikuuzani ili moyo, kungoti ikukana kutuluka."

"Ndiye ine ndiime pano tsiku lodzala, kudikira nkhono?"

Pamenepo Enelesi anakweza mutu. "Madamu," anatero, n'kuima. Milomo inagwedera. Madamu anamva mawu atatu osiyanasiyana akukwera kukhosi kwawo, onse okonzeka kumumalizira chiganizo. Analuma mlomo wam'munsi mpaka unawawa.

"Mukuiopseza," anamaliza Enelesi. "Iikeni pansi ponyowa, pamthunzi. Ndiye musachite kanthu."

"Kenako?"

"Basi. Musachite kanthu."

Kunena zoona, akanawauza kuti anyamule mulu wa njerwa uja pamutu, Madamu akanaona kupepuka. Koma anatembenukira kwa a Nangondo ndi maso opempha. Mayiwo anayang'ana kumwamba, anayang'ana kumunda, anayang'ana mikwingwirima ya pa mikono ya mwana wawo. Kenako anabwerera pabwalo, anaimika khasu lawo padzuwa mpini uli m'mwamba, n'kutola kamwala kukaika pa mthunzi wa mpiniwo, chala chimodzi kuchokera kunsonga.

"Mthunzi uwu ukafupika n'kusiya kamwalaka, tapita. Ndipo musadzanditumirenso uthenga."

Enelesi anatenga chigobacho m'manja mwa Madamu, n'kuchikhazika pa dothi lonyowa mumthunzi wa khonje. Anakhala pansi chapatali pang'ono, manja pamaondo. Anthu amene anali atayamba kupita anabwerera, poti munthu ngakhale afulumire chotani safuna kuti nkhani akaimvere kwa mnzake. Anazungulira, makasu ali m'manja, ndipo a Chimbalanga anaopseza ana ndi diso kuti pasamveke wotsokomola.

Chigoba chinangokhala duu.

Madamu anaima ndi mwendo uwu, anasintha n'kuima ndi winawo. Anapinda manja, anawamasula. Anayang'ana mthunzi wa mpini, ndipo unkaoneka ngati ukuthamanga. Anayang'ana chigoba, ndipo chinkaoneka ngati mwala. Ntchentche inawatera pamphuno. M'mutu mwawo munkadutsa nzeru zambirimbiri: kuchithira madzi, kuchiika pafupi ndi moto, kuchiswa ndi njerwa kuti anthu aone za mkati. Koma nkhono yoswedwa siyenda, ndipo anthu akanangoti inafa kalekale.

Kenaka kukamwa kwa chigobacho matope anasuntha. Kanthu kotuwa, konyowa, kanasuzumira pang'ono.

"Iyo!" anakuwa Madamu, n'kudumphira kutsogolo chala chili tololo.

Kanthu kaja kanabwerera mkati ngati sikanatulukepo.

"Ine sindinaone kanthu," anatero bambo wa nthabwala uja. Ena anavomereza. A Nangondo anayang'ana mthunzi, umene tsopano unali utatsala pang'ono kwambiri kuchoka pa kamwala.

Enelesi anangowayang'ana Madamu, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo, munali kutopa kwa munthu amene zimenezi zamuchitikira kambirimbiri. Diso limenelo linawalasa Madamu kuposa mawu. Anachita manyazi aakulu, manyazi a munthu wamkulu amene wazindikira kuti mwana wakhala akumupirira. Anagwada pamatope osasamala chitenje chawo chatsopano, anakhala pansi pafupi ndi Enelesi, n'kukhalira manja awo onse awiri kuti asawapusitsenso.

Anasiya kuyang'ana mthunzi. Poyamba mtima unkagunda ngati mtondo wa anthu awiri, koma pang'onopang'ono unatsika. Anayamba kumva zinthu zimene sanazimvepo pasukulupo zaka zonse: madontho akugwa kuchokera ku udzu wa denga, njiwa kuthengo, mpweya wa Enelesi ukulowa ndi kutuluka mosafulumira. Anaona kuti mwanayo anayenda mpanda wonse wa khonje kawiri, minga ikumubaya, chifukwa sanafune kunena kuti mulibe kanthu asanatsimikize. Anadzifunsa kuti ndi mayankho angati amene anawatsekera m'kamwa mwa mwanayu chaka chonse, iwo akuyesa chifundo.

Matope anasunthanso. Madamu anatseka pakamwa, anakanikiza manja pansi pa thupi lawo.

Kanthu kotuwa kaja kanatuluka, kanaima, kanatulukanso. Kanadziyala pa dothi pang'onopang'ono. Patsogolo pake panatuluka tinyanga tiwiri tating'ono, tikufufuza pansi. Kenako pamwamba panayamba kumera tina tiwiri, tikutalika, tikutalika, mpaka kunsonga kwake kunaoneka timadontho takuda. Timaso tija tinatembenukira uku, tinatembenukira uko, ngati mwini bwalo akuwerenga alendo. Ndipo nkhonoyo inanyamuka, seveni woyera ali pamsana ndi chilembo cha Enelesi pansi pake, n'kuyamba ulendo wake wobwerera ku njerwa, ikusiya kanjira konyezimira m'mbuyo.

Palibe anaseka msanga. Anthu anangoti kukamwa yasa, kuiperekeza ndi maso. Madamu atacheuka kuti aone mthunzi, anapeza kuti unali utadutsa kale malo a kamwala kaja. Koma kamwalako sikankaoneka, chifukwa a Nangondo anali atakaponda ndi phazi.

Madamu anadzuka, matope ali m'maondo, n'kutola sileti ija.

"A hedi, makolo nonse, wolakwa ndine. Ndinatola nkhono yamoyo osayang'ana, ndipo yasamuka usiku ndi nambala ya mwanayu." Anatembenukira kwa Enelesi. "Tiuze mmene unapezera yankho lako. Usafulumire. Tikudikira."

Enelesi anayang'ana pansi. Milomo inagwedera. Panapita kanthawi kotalika ndithu, kokwana kuti Madamu a dzulo ayankhe mafunso asanu. Madamu a lero anangoima.

"Seveni akakhala m'khonje ndi sevente," anayamba Enelesi. "Koma ine ndam'peza pa njerwa. Munati malo ndiwo atiuze. Pa njerwa ndi seveni chabe. Ndiye seveni ndi thuu, onse mawani, ndi naini."

Anaima. Palibe anamuthandiza.

"Nyumba ya mateni inatsala yopanda munthu. Ndinaikamo ziro kuti aisunge. Ndikanapanda kutero, firii akanasendera m'nyumba ya eni, nambala ikanakhala sate naini. Ndiye ndi firii handiredi naini. Naini sanafike pa fifite, ndiye imatsika. Firii handiredi."

Anaimanso, ndipo anthu anayesa wamaliza. Koma anawonjezera, akuyang'ana nkhono ija: "Akanakhala kwawo seveniyu, ikanakhala firii handiredi sevente thuu. Imeneyo ikanakwera. Folo handiredi, ngati mmene mwalembera m'kope."

A Chimbalanga anavula magalasi, anawapukuta, n'kunena kuti funso limene mwanayu wayankha ndi lovuta kuposa limene anafunsidwa. Ana anzake, amene chaka chonse ankamutcha wogona, anaomba m'manja osauzidwa.

A Nangondo za mateni ndi mahandiredi sanazitsate bwino, ndipo sanadzinamize kuti azitsata. Chimene anamva n'chakuti mwana wawo sananame, ndiponso kuti walankhula mawu ambiri pagulu kuposa amene anawamvapo kunyumba.

"Aphunzitsi, zonsezi amazidziwa kale?"

"Amazidziwa, mayi. Ine ndi amene sindinkadikira kuti anene."

Mwina mayiwo ankakumbukira kuti nawonso kunyumba akafunsa mwanayu kanthu, ankatembenuka asanayankhe. Anasuntha mwana wa kumsana, anazula khasu lawo, n'kuyang'ananso nkhono ija, imene inali isanathe ngakhale phazi limodzi la ulendo wake.

"Lero ndimutenga akandithandize kuponya mbewu, chinyezi sichidikira," anatero. "Mawa abwera. Ndi mkuja yemwe." Anapukusa mutu. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuzikankha ndi khasu zimenezi m'munda, osadziwa kuti zili ndi maso. Kani kuona maso a nkhono n'kudekha."

Makolo aja anapita nawo mawuwo kuminda tsiku lomwelo, ndipo pofika nthawi yopalira anali atafika midzi ya kutsidya. Musaganize kuti Madamu Mkwapatira anasanduka munthu wina. Tiyi anapitiriza kumwa chiimirire, ndipo nkhuku zinapitiriza kuwathawa. Koma akafunsa funso m'kalasi, ankabisa manja kumbuyo n'kuluma mlomo, ndipo ana ankadziwa kuti Kamvuluvulu akudikira maso a nkhono. Enelesi anakhoza chaka chimenecho n'kupita ku sukulu yaikulu ya kutsidya kwa mtsinje.

Ndiye mwambiwo ndi umenewo, ana anga: kuona maso a nkhono n'kudekha. Tanthauzo lake n'lakuti pali zinthu zina zimene sungazione ndi liwiro kapena mphamvu. Nkhono ukaigogoda imalowa mkati, ukaitokosa imalowerabe, ndipo iwe umachoka ukulumbira kuti mulibe kanthu. Choonadi cha nkhani chimatero, nzeru za munthu wofatsa zimateronso. Amene amaweruza msanga amabwerera ndi chigoba chokha. Choncho mukafunsa mnzanu funso, kapena mukamva mlandu umene ukuoneka ngati watha kale, khalani pansi, khalirani manja anuwo ngati akukuvutani, ndipo mudikire. Mwina amene mukumuyesa chigoba chopanda kanthu akungodikira kuti inu musiye kugogoda.